Tsitsani Inki pa Nsanja

Johannesburg
Mwezi wa Meyi

Okondedwa Amayi,

Landirani moni wa mwana wanu. Kodi muli bwanji kumeneko ku Ligowe? Bondo lomwe linkakuvutani m'dzinja lija linasiya, kapena mukungondibisira monga mwa masiku onse? Ine ndili bwino, kungoti chisanu chayamba msanga. M'mawa ndimapita kuntchito nditavala majuzi awiri, anzanga n'kumandiseka kuti mwana wa ku Neno akuopa mphepo.

Kalatayi ndapatsira a Gerishon, adalaivala amene amatinyamulira katundu aja. Ndasankha kulemba chifukwa pafoni sitikumvana. Tikamakamba za mbuzi ndi za kutchalitchi mawu anu amamveka bwinobwino, koma ndikangotchula katoni ya inki ija, pomwepo netiweki yathawa. Mchemwali wanga Callista akuwerengereni pang'onopang'ono, ndipo asadumphe mzere.

Ntchito ikuyenda. Abwana anga, a Rizwan, ayamba kundisiyira makina aakulu osindikizira makadi a ukwati. Chovuta ndi chipinda chomwe ndasamukira. Mnzanga wogona naye ndi munthu wabwino, koma mkonono wake ungadzutse mudzi wonse.

A Gerishon atabwerako ulendo wathawu anandiuza kuti munawalandira bwino, kenako munawaonetsa mmene mukusungira katundu amene ndinatumiza chaka chatha. Akuti pulinta ili pansi pa bedi, yokutidwa ndi chitenje chatsopano. Koma katoni yaing'ono ya timabotolo ta inki munaikweza pa nsanja kukhitchini, pamwamba pa moto, pamodzi ndi chimanga cha mbewu. Akuti munawauza monyadira kuti pamenepo chiswe sichifika ndipo anankafumbwe sayerekeza. Katoniyo yada bii ndi mwaye. Iwo ankafotokoza akuseka mpaka misozi, ine n'kumaseka nawo, koma mtima unali utangoti myuu.

Sindikukudzudzulani ayi. Pa nsanja mumaika chinthu chokhacho chimene mukufuna chidzafike chaka chamawa, ndiye ndikudziwa ulemu umene mwaipatsa inkiyo. Kungoti inki si mbewu, Amayi. Mbewu imafuna utsi kuti iume, pamene inki ikauma yatha ntchito.

Ndinawafunsa a Rizwan. Anandiuza kuti inki yosatsegula imakhala pafupifupi zaka ziwiri ngati ili pamalo pozizira, pamdima, timabotolo titaimirira. Tsiku lothera limalembedwa pambali pa kabotolo kalikonse. Kutentha kumaifupikitsa moyo, imayamba kulimba ngati phala logona, kenako n'kutseka timabowo ta pulinta. Ikatsegulidwa imafunika ithe m'miyezi ngati isanu ndi umodzi.

Koma musataye mtima, inenso sindinataye. Ataona nkhope yanga yagwa, abwanawo anatulutsa inki ina yoiwalika kuseri kwa shelefu, tsiku lake litadutsa kale. Tinaithira m'makina ndipo inasindikiza bwinobwino. Anati tsiku lolembedwalo ndi chenjezo chabe, ndipo popeza yathuyo sinatsegulidwe komanso zaka ziwiri sizinakwane, mwayi ulipo ndithu. Choipa n'kuisiya pamotopo mpaka chilimwe.

Tsopano nkhani imene yandilembetsa kalata. Iwe Callista, usachite manyazi, werengabe. Amayi, a Sulemani a golosale aja anamulonjeza Callista malo pakhonde pawo, pomwe pali magetsi, kuti azisindikizirapo zithunzi ndi mapepala a ana asukulu. Adikira chaka chonse. Pano kwabwera wometa tsitsi amene akufuna malo omwewo, ndipo a Sulemani anena kuti anthu akangomaliza kukolola adzapereka kwa amene wabwera ndi zipangizo. Callista anandiuza akulira kuti malowo akapita, iye anyamuka kukafuna ntchito ya m'nyumba ku Blantyre. Inu sanakuuzeni poopa kukukhumudwitsani. Mwana anakhoza bwino Fomu 4 ameneyu, ndipo anthu a kwathu amavutika kupita ku Boma chifukwa cha kachithunzi kamodzi. Ntchito ilipo pakhomo pomwepo.

Ndikudziwa chifukwa chake mukukana kuti katunduyo atsegulidwe. Malemu bambo akamabwera kuchokera ku minda ya tiyi ku Thyolo, chikwama chawo chinkatsogola ndi wanjinga, koma palibe ankachikhudza mpaka iwo atafika, atasamba, atakhala pampando. Ife tinkangochizungulira, kununkhiza sopo wa m'katimo. Lamulo la nyumba yathu ndi limenelo, ndipo ndimalilemekeza. Munawauzanso a Gerishon kuti mwini katoni adzatsegula yekha akadzabwera.

Amayi, ndikuuzeni zoona. Disembala uno sindibwera. Mapepala anga okhalira kuno akadali ku ofesi, ndipo ndikatuluka asanatuluke iwo, sindidzaloledwa kubwerera kuntchito. Zikundiwawa kwambiri, ndakusowani. Ndikuganizanso kuti mumtima mwanu mumati katoni ikakhala yotseka, mwana wanu ali ndi chomubweretsa.

Pempho langa ndi limodzi basi. Tsitsani katoniyo pa nsanja lero lomwe, mumupatse Callista pamodzi ndi pulinta. Iye aone tsiku pa kabotolo kalikonse, akapendeketse kuti aone ngati inki ikuyenda ngati madzi. Kamene kalimba akaike padera, a Gerishon adzabweretsa kena. Timene sitikufunika msanga mutiike choimirira mumtsuko wopanda madzi kuchipinda kwanu, muvindikire. Kumeneko n'kozizira, ndipo mudzakhalabe msungi wake ndinu.

Lamulo la bambo sitiliphwanya. Ndamutumizira Callista pafoni chithunzi changa, nditasamba, nditakhala pampando, nditavala shati yoyera. Potsegula katoni aimike foniyo pampando wa bambo uja. Ndipo pepala loyamba kutuluka mu pulinta likhale chithunzi chimenecho, mukachipachike pabalaza. Nkhope ikatuluka yobiriwira musadandaule, ndi utsi wa kukhitchini kwanu, ndinakulira momwemo. Chachiwiri chikhale chanu, mutavala chitenje chimene mwafunditsa pulintacho, mudzapatsire a Gerishon. Kuno ndilibe chithunzi chanu ngakhale chimodzi.

Mundiperekere moni kwa amalume ndi akazi awo ku Dambe, kwa azakhali, kwa achemwali aakulu ndi alamu, ndi kwa adzukulu anu onse. A Sulemani muwathokoze chifukwa cha kuleza mtima kwawo, muwauze kuti khonde lija mwini wake akubwera sabata yomweyi.

Ine ndidzabwera ndithu, Mulungu akalola. Ndikadzapeza timabotolo tonse tili gwaa, topanda kanthu, Callista ali pakhonde manja ali inki yokhayokha, ndidzasangalala kuposa kupeza katoni yotseka mchemwali wanga atachoka. Chodzandibweretsa kumudzi si katoni, Amayi, ndinu.

Tsalani bwino, Ambuye akusungeni.

Ine mwana wanu,
Binwell