Dzina la pa Mtanda

Lilongwe,
11 Ogasiti, 1958.

Okondedwa achemwali anga a Immaculata,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Kitwe. Kodi chifuwa chija chinamusiya Lonely? Ine kuno ndili bwino. Ndikudya, ndikugona, m'kalasi ndikukhoza. Kumudzi nakonso kulibe matenda, kungoti amayi akudandaula mawondo chifukwa cha kuzizira. Fumbi la mwezi uno mukulidziwa, malaya oyera a kusukulu tikuchapa tsiku ndi tsiku.

Nkhani yake ndi iyi. Mkulu wa sukulu yathu ya zachipatala anandiitana Lachiwiri lapitali. Anati boma la Chitaganya lapereka malo awiri ku koleji ya ku Bulawayo, komwe amaphunzitsa zoyeza magazi, ndipo malo amodzi ndi anga ngati ndikufuna. Ndikakana nditsiriza konkuno chaka chamawa, n'kukamanga mabala pa kachipatala kena ka kumudzi. Ndikavomera ndikhala kumeneko zaka zitatu, pobwera ndidzakhala munthu. Anandipatsa fomu yoti ndibweze pa 30 mwezi uno. Anandigwira chanza n'kunena kuti, Reinford, makolo ako anyadire.

Ndinathokoza bwinobwino monga munandiphunzitsira. Potuluka ndinadikira kuti mwina mtima udumpha, koma sunadumphe. Ndinangopita kukadya nyemba.

Ndilembe zimene mukuzidziwa kale, popeza m'banja mwathu palibe amene anazinenapo mokweza. Mayeso a Sitandade Sikisi tinalemba awiri, ine ndi mkulu wanga Reinford. Iye anakhoza, ine ndinalephera, ine amene munkanditcha mbuzi ya masamu. Koma setifiketi inafika iye titamuika kale, chibayo chitamutenga. Atsibweni a Bauleni anati pepala la mtengo wapatali chotere lisaolere m'sutikesi, ndipo ine ndinalowa nalo sukulu ino. Inu nokha ndi amene munakana, koma munali kale ndi tikiti ya basi ya ku Kitwe m'manja.

Zaka ziwiri tsopano ndikuyankha dzina la munthu wakufa. Miyezi yoyamba ankachita kundiitana kawiri ndisanatembenuke, mpaka anzanga ankati ndine gonthi. Tsopano ndimatembenuka msanga kuposa mwini wake. Amayi sanalitchulepo dzinali pondiitana, komanso langa lenileni amaopa kulitchula kuti angazolowere n'kudzalakwitsa pa anthu. Amangoti iwe.

Fomu ya ku Bulawayo imafuna zinthu zitatu: chithunzi, kudinda chala, ndi umboni wa kwa DC kuti ndine wobadwira m'mudzi wakuti. Kuno dzina lili m'buku la sukulu chabe. Kumeneko lidzakhala pa chitupa, pamodzi ndi nkhope yanga ndi chala changa, ndipo chitupa sichifufutika.

Loweruka ndinawoloka mlatho kukajambulitsa kwa a Jayantilal, Amwenye aja tinkapita ndi malemu abambo kukawagulitsa mtedza. Masiku ano ali ndi kamera kuseri kwa sitolo, paja ankaunjika matumba. Ndinaganiza kuti sandikumbukira, poti nthawi ija tinali tianyamata tosenza katundu. Anandikhazika pampando, anandiwongola kolala, anati ndisaphethire. Atatha anatenga envulopu n'kufunsa dzina loti alembepo. Ndinati Reinford.

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo kwa kanthawi. Kenaka analemba, zilembo zonse bwinobwino. Ndili pakhomo kutuluka ndi pamene anandifunsa motsitsa mawu kuti, Nebert, amayi ali bwanji kumudzi. Akazi awo a Jasuben anali pomwepo akuyeza nsalu, anangoweramira pa lumo.

Achemwali, ndinayang'ana kumbuyo kwanga kuti ndione amene akufunsidwa. Sindikunama. Nditazindikira ndinayankha kuti ali bwino, n'kutuluka. Ndinakaima pamlatho kuyang'ana azimayi akuchapa. Ndinkafuna kulira, chifukwa ndinaona kuti pamenepa munthu ayenera kulira, koma maso anali ouma gwa. Zikundiopsa kuti sindikumva kanthu.

Lamulungu atsibweni anabwera pa njinga, poti ndinawatumizira uthenga. Tinakhala pansi pa mtengo kuseri kwa msika, ndinawawerengera fomu yonse. Anasangalala kwambiri, mpaka anavula chipewa. Anati ndisachite zachibwana, mwayi wotere subwera kawiri, ndipo madzi akatayika saoleka. Za umboni wa kwa DC anati ndisade nkhawa. Mesenjala wa DC akabwera kudzafunsa, a m'mudzi onse ndi athu, palibe amene angayankhule.

Kenaka anandiuza chinthu chimene sindinkachidziwa. Mtanda wa pamanda a Reinford unagwa mwezi wa Epulo, chiswe chinaudya. Amayi akhala akuwavutitsa kuti aike wina lisanafike tsiku lokumbukira akufa, akuti mwana wawo sangagone ngati mlendo wofera m'njira. Koma mukudziwa kuti manda a mpingo ali m'mphepete mwa msewu, ndipo mesenjala amadziwa kuwerenga.

Tsono atsibweni anati aganiza njira yokondweretsa onse. Mtanda uikidwe, ukhale ndi dzina monga amayi akufunira, koma dzinalo likhale Nebert. Akuti amayi anabala anyamata awiri, mmodzi anamwalira, mmodzi ali moyo, ndiye palibe bodza lalikulu pamenepo. Mapepala ndi mtanda zidzagwirizana. Anayankhula modekha, ngati mmene amapangira za kusinthana mbewu.

Ndinafunsa ngati amayi avomera. Anati amayi sadziwa kuwerenga.

Mukudziwa chimene ndinayankha? Ndinati chabwino. Sindinakwiye, sindinanjenjemere. Tinanyamuka limodzi kupita kwa kalipentala wa pafupi ndi malo okwerera basi, amene amagwira ntchito ngakhale Lamulungu. Anatisonyeza thabwa la mlombwa, akuti limeneli chiswe sichilikhudza. Dzinalo linamuvuta kalembedwe kake, ndiye ndinamutchulira ndekha chilembo chimodzichimodzi, iye akulemba ndi pensulo pathabwa. Anandifunsa kuti malemuwo anali ndani wanga. Ndinati mng'ono wanga. Anandipepesa, ndipo ndinalandira chipepesocho.

Mtandawo ndakautenga lero masana. Uli pansi pa bedi langa, ndaukulunga m'bulangeti. Fomu ili m'Baibulo, ndadzaza zonse kupatula posaina. Mnzanga wogona naye chipinda, Maynard, akuti ndikhale konkuno, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Iye akuganiza kuti ndikuopa azungu a ku Rhodesia. Ndamusiya aziganiza choncho.

Ndayesa kuziyeza zonse ziwiri. Ndikakhala, mtanda uwu ndiuwotcha, tidzasemetsa wina wa dzina loona n'kuuika mwakachetechete, poti palibe mesenjala adzabwere. Koma atsibweni sadzandikhululukira, ndipo ana a mbumba yathu amene akuyembekeza kuti ndidzawaphunzitse adzaona kuti ndinataya mwayi chifukwa cha thabwa. Ndikapita, Reinford apita ku Bulawayo, kumene akanapita ndithu akanakhala moyo, chifukwa mutu unali wake. Amayi azikagwada pa dzina langa kupempherera iye. Nthawi zina ndimaona ngati palibe cholakwika pamenepo. Ndiye ndimadziwa kuti mutu wanga suli bwino.

Chimene ndikupempha kwa inu ndi chimodzi. Inu munakana poyamba paja, pamene tonse tinangoti zii. Ngati mukukanabe, menyani telegalamu pasanafike pa 30, mawu amodzi okha akwanira, ndipo ndidzamvera. Ndikapanda kumva kanthu ndidzasaina, atsibweni adzabwera kudzatenga mtanda pa njinga. Sindikukusenzetsani mlandu. Kungoti ine ndafunafuna m'kati mwanga munthu woti asankhe, sindinamupeze.

Pa telegalamuyo mulembe dzina la Reinford, apo ayi sindilandira.

Mukabwera pa Khirisimasi n'kuona dzina langa m'mphepete mwa msewu, musadzidzimuke, ndipo musawawerengere amayi. Kalata ino muisunge pabwino, musayatsire moto monga mumachitira ndi makalata a alamu. Mwina ndi pepala lomaliza limene ndikulembapo dzina ili ndili moyo.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa Lonely ndi kwa wakhandayo amene sindinamuonebe. Ambuye akusungeni nonse kuchilendoko.

Ndine mlongo wanu,
Nebert.