Pepani Wanga Walembedwa m'Kabuku

Lachitatu, mwezi wa Okutobala, ku Matero

Lero mtima sunakhale m'malo. Wapolisi wandiimitsa pa msewu wa ku mafakitale ndili ndi lole ya kampani yodzaza simenti. Akuti ndimathamanga. Lole ija ngakhale potsetsereka imachita kukwawa, koma m'malo monena zimenezo ndinavula chipewa n'kuti, "Pepani bwana." Iye analemba mawuwo m'kabuku kake. Khadi la chipani limene ndinamuonetsa sanaliyang'ane n'komwe. Wandipatsa pepala loti Lolemba ndikaonekere ku khoti.

Nditaweruka ndinakaonetsa pepalalo kwa ba Mulenga, aneba athu oyendetsa basi. Anapukusa mutu.

"Ba Phiri, pepani kumunzi ni ulemu, koma pa pepala ya boma ni kuvomela mulandu. Ku khoti musakayambe na inde bwana. Mukakambe chabe kuti nakana, ndiye bazaitana kapokola uja anakuimikani akambe mwamene anapimila sipidi."

Akuti ndikavomera, adinda laisensi yanga. Ndikakana n'kulephera, chilango chikula. Dalaivala wa laisensi yodindidwa abwana athu samusunga. Ndiye ndibwerere ku Katete ndi ana anayi? Ndikawauza chiyani atate, amene anagulitsa ng'ombe kuti ndiphunzire galimoto?

Mkazi wanga anati tiyeserere. Anakhala pampando, ine ndinaima manja kumbuyo. Anafunsa mokalipa ngati woweruza, "Phiri, ukuvomera mlandu?"

M'kamwa mwanga munangotuluka "pepani".

Sanaseke.

Kwatsala masiku asanu oti ndiphunzire kukanira munthu wokhala pampando, chinthu chimene sindinachitepo chibadwire.