Akukana Sitampu ya Boma pa Ukwati Wathu

Aphungu,

Ndine mtsikana wa ku Chelstone, ndimasoka makatani m'kashopu kena m'tauni. Nkhani yanga ndi ya mwamuna amene ndikufuna kukwatiwa naye. Dzina lake ndi Chibwe, kwawo ndi ku Luapula, ndipo ntchito yake ndi kuika masola a magetsi a dzuwa pa nyumba za anthu ku Woodlands ndi ku Kabulonga. Samwa mowa, sanandikwezerepo dzanja, malowolo anamaliza kalekale. Vuto ndi limodzi: akukana kupita nane ku khonsolo kukalembetsa ukwati. Atate anga, omwe anagwira ntchito m'boma mpaka kupuma, anenetsa kuti, "Mwana wanga sachoka pano ngati mbuzi ya pamsika. Akasaine kaye."

Musamuone ngati wamisala. Chiyambire chaka chija magetsi ankazima tsiku lonse, iye anayamba kumvera pafoni anthu ena akunja amene amaphunzitsa kuti munthu aliyense ndi mwini wa moyo wake, thukuta lake ndi malo ake, ndipo boma liyenera kukhala laling'ono, longogwira akuba ndi kuweruza milandu basi. Akamafotokoza, Aphungu, umangovomera wekha osadziwa. Amati, "Febby, ona. Msonkho timapeleka, koma msewu wa kwanu ukali na maenje monga kale. Malaiti nizaika neka, madzi tizakumba teka. Manje boma izabwela kuchita chani mu chikondi chathu? Sitampu siikonda munthu."

Ali ndi puloti ku Makeni, kutali, kumene phula limathera. Lamlungu lililonse tikatuluka m'tchalitchi timakwera minibasi kupita kumeneko. Nyumba palibe, pali zikhomo ndi zingwe chabe, koma iye amandigwira dzanja n'kundiyendetsa chipinda ndi chipinda. Ndikalumpha chingwe pamalo olakwika amakuwa, "Iwe, wapita mu chipupa! Bwelela, ungene pa chitseko!" Ndiye ine ndimabwerera, n'kugogoda pamphepo, iye n'kundiyankha kuti lowani mayi. Timaseka mpaka misozi.

Amandisonyeza pamene padzakhale magwafa, pamene abakha azidzasamba, ndi khonde limene ndizidzasokerapo dzuwa likupendeka. Malowo amawatcha dziko lathu. Akuti kumeneko sikudzafika bilu ya madzi, kapena ya magetsi, kapena munthu wa yunifolomu wogogoda pageti. Ine ndinayamba kulikhulupirira dziko limeneli. Ndili pamakina kushopu, maso amachoka pansalu, ndimaona ana anga akuthamanga pakati pa mapapaya, ndimamva fungo la dothi lonyowa, mpaka mnzanga andigwedeze kuti ndasoka mokhota. Makatani a mawindo amene kulibe ndinasoka kale, obiriwira, ali m'sutikesi pansi pa bedi.

Kupatula zikhomo ndi zingwezo, zimene zilipodi pa pulotipo ndi ziwiri zokha: thanki ya madzi pamwamba pa zitsulo, ndi chitsime chobowola ndi makina. Pobowola, eni makinawo anamufunsa ngati apitirire pansi, poti masiku ano anthu ambiri kumeneko akuzamitsa zitsime zawo chifukwa mvula yachepa. Chibwe anakana. Iye nkhani ya kusintha kwa nyengo safuna n'kuimva komwe. Amati chilala chinaliko ngakhale nthawi ya agogo ake, ndipo nkhaniyi ndi ya anthu a mataye amene amadya nkhuku pamisonkhano ya m'mahotela, kufuna chifukwa chotiletsera makala ndi kutiwonjezera misonkho. Anati madzi akangotuluka makina aime, ndipo anaimadi. Kukalembetsa chitsimecho ku boma, monga amachitira ena, anakananso.

Kuyambira pamenepo, tikafika amatsegula mpopi, kutunga m'kapu ya pulasitiki n'kundipatsa ndi manja awiri. "Imwa, mwandi. Aya ni madzi athu, a pansi pathu. Palibe anasaina." Timakhala mumthunzi wa thankiyo, madontho akugwa pang'onopang'ono, ine mutu paphewa pake, iye akuwerenga mitambo n'kumalonjeza kuti mvula ili pafupi. Nthawi imeneyo ndimaiwala kuti kuli Lusaka.

Mwezi wathawu, kutentha kwa Okutobala kutafika pachimake, ndinapita ndekha Lachitatu osamuuza, kuti ndikathirire mbande za mapapaya zimene ndinabzala. Ndili chapatali ndinamva injini. Pa puloti panaima galimoto yogulitsa madzi, paipi yakuda itakwera mpaka pamwamba, ndipo Chibwe ali pamakwerero akuigwirira kukamwa kwa thanki. Mayi wina wa puloti yoyandikana, amene ankaphwanya miyala panja, anandiuza osadziwa kuti ndine yani: "Chija chitsime chinauma kudala, mu Ogasiti. Ba Chibwe amagula sabata na sabata." Madziwo akuti galimotoyo imakatunga ku mipopi ya mzinda, ya boma lomwelo.

Ndinabwerera osamuonekera, mbande zanga osathirira. Lamlungu lotsatira anatunganso, n'kundipatsa ndi manja awiri, mawu ake omwe aja. Aphungu, ndinamwa. Ndinamwa kapu yonse ndikumwetulira, ndipo mpaka lero sadziwa kuti ndikudziwa.

Tsopano akundiumiriza kuti mvula ikayamba ndisamukire kuchipinda chimene amachita lendi ku Chilenje, tiyambe banja pamwambo pokha. Akuti ankhoswe alipo, makolo anadya malowolo, china n'chiyani? Atate akuti ndikatero ndisadzabwere kudzalira kwa iwo. Ine munthuyu ndimamukonda, ndipo dziko lija ndikulifunabe ngakhale ndinaona paipi. Ndili ndi mantha, Aphungu. Kodi ndipite? Kodi pepala lingapose chikondi?

F.Z., Chelstone

Mwana wanga F.Z.,

Pa zogogoda pamphepo paja ndaseka ndekha mpaka mdzukulu wanga kudzasuzumira. Mwamuna wodziwa kulota ndi wosowa, ambiri amangodziwa mpira ndi botolo. Choncho sindikuuza kuti umusiye ayi. Koma sendera kuno ndikutsine khutu.

Ndimuikire kumbuyo pang'ono kaye. Zina zimene amanena n'zoona. Inenso ndinaimapo pamzere wa m'maofesi kuyambira m'mawa, n'kudzauzidwa kuti abwana apita kumaliro, bwerani mawa. Munthu wofuna kudziimira payekha, wosadikira boma kuti limuyatsire nyale, ine ndimamuombera m'manja. Zoti boma likule bwanji kapena lichepe bwanji, azikatsutsana ndi anzake pansolo, si nkhani yothetsera chibwenzi.

Za nyengo ine si katswiri. Akatswiri ambiri akuti dziko likutentha ndipo mvula yasokonekera, ndipo ine amene ndakalambira mu Lusaka muno maso anga sakuwatsutsa. Chibwe ali ndi ufulu wokayika. Koma kukayika kwakeko anabowola nako pansi, ndipo nthaka yamuyankha. Kulakwitsa kuzama kwa chitsime si tchimo, zitsime zaumira anthu ambiri, okhulupirira ndi okayika omwe. Chimene chandiwawa ine ndi kapu ija. Ha! Munthu wasankha kukwera makwerero sabata ndi sabata, padzuwa lowotcha chonchi, kusiyana ndi kungonena kuti "ndinalakwitsa, Febby." Nawenso, mwanawe, wamwa bodza n'kumwetulira. Mwayamba kunamizana musanagule ndi mphasa yomwe.

Ndiye chita izi. Lamlungu likubwerali akakupatsa kapu, usamwe. Igwire m'manja, umuuze mofatsa kuti unabwera Lachitatu lija ndipo unaona galimoto. Usamunyoze, usatchule za nyengo kapena za aphunzitsi ake a pafoni, chifukwa ukatero umupatsa pothawira, muyamba kukangana za mitambo. Ukanena, tseka pakamwa umuyang'ane. Akagwetsa nkhope n'kuvomera, uli ndi mwamuna. Mukhale pansi awiri muone za kuzamitsa chitsime, kuchilembetsa, ndi kuyezetsa madziwo musanadzamwetse mwana. Akayamba kukulalikira, kapena kukukalipira kuti unkamuzonda, wadziwiratu nyumba imene ukukalowa.

Za chikalata cha ukwati, usamutsutse ndi mawu a atate ako, mutsutse ndi ake omwe. Si amati munthu aliyense ndi mwini wa moyo wake? Nawenso ndiwe munthu, si mbande ya papaya yoti akubzale pamene wakonda. Muuze kuti, "Ba Chibwe, ine mwaufulu wanga ndasankha pangano lolembedwa." Umufunsenso ngati pepala la puloti ija analitaya, poti nalonso lili ndi sitampu ya boma. Ndikulumbira, analisunga pouma, m'pulasitiki, mwina pansi pa matiresi. Ngati dothi analilembetsa kuti wina asamulande, iwe ukhalirenji wapakamwa?

Ukwati wa mwambo ndi ukwati ndithu, sindikuunyoza, ndipo lamulo limaudziwa. Koma dziwa kusiyana kwake usanasankhe. Wa mwambo umasiya khomo lotsegula kuti mwamuna akhoza kudzatenga mkazi wachiwiri, pamene wolembetsa uja umatseka khomolo. Pita kwa odziwa malamulo akufotokozere bwinobwino, safunsa anadya phula. Kenako ankhoswe a mbali zonse ziwiri akhale pansi ndi Chibwe, nkhaniyi ichoke pakati pa iye ndi atate ako, poti amuna awiri ouma mitu akakangana wopsa ndiwe. Atate akowo uwauze kuti ndati achepetse ukali. Mawu akuti usadzabwere kudzalira sauza mwana wamkazi, ndiwo amachititsa ana athu kupirira zosapiririka.

Chenjezo langa ndi ili. Mvula ibwere, isabwere, usasamuke asanavomere za chitsime ndiponso musanagwirizane za chikalata. Munthu wobisa zinthu poopa kukukhumudwitsa amakoma paubwenzi, koma m'banja ndi woopsa, chifukwa zobisa zimakula pamodzi ndi zaka. Lero ndi madzi. Tsiku lina udzafikanso osamuuza, ndipo pageti sudzapeza galimoto, udzapeza mayi wobereka mwana wofanana naye. Ukadzathamangira kukhoti, funso loyamba lidzakhala lakuti munakwatirana motani. Konza yankho lako panopa, udakali pakhomo pa atate ako.

Ndine Phungu wako