Fupa la m'dimba la mayi Mwanahamisi

Lolemba, 28 Okutobala

Tsiku la 12, palibe chilichonse. Ndayenda m'mbali mwa mtsinje wa Domasi mpaka miyendo kukana, ndabwerako ndi nthiti ya mbuzi basi. Inali ikadanunkha.

Kenny watumizanso zithunzi pa gulu la kalasi yathu. Ali ku Karonga, wagwada pambali pa fupa lalitali kuposa mkono wake, mano onse pamtunda. Ndamulembera kuti "zabwino zonse" ngati ena onse. Mumtima ndatukwana.

Anandituma ndani kusankha kwathu kuno? Ndekha. Ndinaimirira pamaso pa a Dokotala Yoswa, amene akuyang'anira kafukufuku wanga, n'kunena kuti kalekale nyanja ya Chilwa inali yaikulu, ndiye m'dothi lomwe madzi anasiya kumunsi kwa chigwa chino muyenera kukhala mafupa a nyama zakale. Iwo anangoti, "Eluby, kwanuko ndi miyala yokhayokha, koma pita ukadzionere." Chilolezo chokumba chikutha pa 20 Novembala. Mitambo nayo yayamba kuunjikana paphiri.

Lachinayi, 31 Okutobala

Pa Songani andipatsa dzina. Akabaza akandiona ndi chikwama akumakuwa, "Achemwali a golide! Mukapeza tigawaneko!" Ndatopa kufotokoza.

Azakhali a Dina, omwe akundisunga, pondipatsa madzi osamba: "Sukulu yonse ija kuti uzitola mafupa ngati galu?"

A Dok ndawaimbira katatu. Sakuyankha.

Loweruka, 2 Novembala

Ndilembe pang'onopang'ono.

Kumunsi kwa Misheni, pafupi ndi mtsinje, kuli bambo wina woumba njerwa, Che Twahir. Ndinapatuka kukapempha madzi akumwa, n'kuwaonetsa zithunzi za Kenny zija pafoni. Anayang'ana, n'kuseka. "Zoterezi? Zimationongera makasu izi. Timataya uko."

Uko kunali mulu wa zinyalala. Ndinafukula, ndinapeza kachidutswa kakuda bii, kolemera ngati mwala. Ndinakanyambita monga anatiphunzitsira, kanamata lilime. Ndi fupa. Che Twahir anabwerera m'mbuyo. "Achemwali, muli bwinobwino?"

Dzenje lawo lokumbamo dothi ndi lakuya kuposa msinkhu wanga. Pansi penipeni pali mzere wa dongo lotuwa, lodzaza tizigoba ta nkhono za m'madzi, ndipo pakhoma patulukira nsonga ya fupa lina, lalikulu.

Dimba lomwe muli dzenjeli akuti ndi la mayi Mwanahamisi, koma ali ku maliro ku Naisi. Che Twahir ati, "Kumbani, sangakane." Ndiyamba mawa tikaweruka ku tchalitchi.

Lachiwiri, 5 Novembala

Ndalakwitsa kwambiri.

Masiku atatu ndakhala m'dzenje ndi kabulashi ndi kampeni, fupa latuluka ngati chikhatho chimodzi ndi theka, lopindika. Lero cha m'ma 10 ndinangoona mthunzi. Mayi wamtali, wowonda, mpango wakuda kumutu, ataima m'mphepete. Sanandipatse moni. Maso awo anali pafupa.

"Tulukamo."

Ndinayamba zanga zija, za yunivesite, za chilolezo, mpaka kutulutsa pepala. Sanaliyang'ane n'komwe.

"Ameneyo ndi mwana wanga."

Ine ndinaseka. Mulungu andikhululukire, ndinaseka, ndimayesa akunena zocheza. Ndinati, "Ayi amayi, iyi ndi nyama." Anandifunsa kuti nyama yanji. Nanenso sindikudziwa.

Anatsika okha m'dzenjemo, anavula chitenje cha pamwamba n'kufunditsa fupalo. Pondiperekeza ku msewu Che Twahir anandiuza kuti amenewo ndiwo mayi Mwanahamisi. Mwana wawo Khalid, mnyamata wokwatira kale, anakokoloka ndi mtsinje womwewu zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, akuwoloka pochokera ku dimba. Anamufunafuna milungu iwiri. Thupi silinapezeke.

"Bwanji simunandiuze?" "Simunafunse."

Lachitatu, 6 Novembala

Sindinapite. Ndagona tsiku lonse, azakhali akuganiza kuti ndi malungo.

A Dok ayankha uthenga tsopano, mawu anayi: "Kambirana nawo. Jambula zithunzi." Zikomo kwambiri bwana.

Lachisanu, 8 Novembala

Dzulo ndinapita kunyumba kwa mayi M. kukapepesa. Ndinakhala pamkeka pafupifupi ola, iwo akusankha mpunga, osandiyang'ana. Ndinafotokoza kuti fupa lolemera choncho latha zaka masauzande m'nthaka, kuti dongo lotuwalo linaunjikana agogo a agogo athu asanabadwe. Iwo anati, "Mtsinje ukakwiya umakumba, umakwiriranso. Iwe unalipo?"

Kunena zoona, sindinalipo.

Lero ataweruka ku mzikiti, Che Twahir abwera ndi a Shehe Alaudin. Munthu wofatsa, anatsika m'dzenje ndi mkanjo woyera osadandaula matope. Anagogoda fupalo ndi chala, n'kundifunsa masiku angati kuti lioneke lonse. Ndinati anayi kapena asanu. Agamula chonchi: ndikumbe, koma mayi M. akhalepo nthawi zonse. Likaoneka la munthu, ndisiye pomwepo, adziwitse apolisi, kenako amusambitse n'kumuika mwa mwambo. Likakhala la nyama, ndi langa.

Mayi M. angoti, "Usamukande ndi mpeniwo."

Masiku atatu apita pachabe. Atsala 12.

Lamulungu, 10 Novembala

Kukumba munthu akukuyang'ana ndi chilango. Amabwera ine ndisanafike, amakhala pa njerwa zosawotcha, tasibihi, mikanda yopempherera ija, m'manja. Ndikangokanda mwamphamvu pang'ono ndimamva akukoka mpweya. Kampeni ndakasiya, ndikugwiritsa ntchito kamtengo ka nsungwi. Ntchito ya ola limodzi ikutenga maola atatu.

Masana andigawira chinangwa chophika. Anayamba kulankhula okha, maso ali kumtsinje. Khalid ankakonza mawailesi pa Songani, dzino lake limodzi lakutsogolo linali lobenthuka, anagwa panjinga ali wamng'ono. "Ukapeza mano undionetse. Ndimudziwa."

Ine ndikupemphera kuti ikhale nyama, iwo akupemphera kuti akhale mwana wawo, tonse pa dzenje limodzi.

Lolemba, 11 Novembala

Kutentha koopsa. Bingu kuphiri, mvula ayi. Msana ukuwawa.

Lachiwiri, 12 Novembala

Mano apezeka.

Cha m'ma 2 kamtengo kanagunda chinthu chosalala. Ndinapukuta, ndinapukutanso. Dzino lopindika, lonenepa ngati dzanja langa pamfundo, lalitali kuposa bulashi. Kumbuyo kwake zibwano ziwiri zokhala ndi mano akuluakulu otafunira. Ndi nsagwada ya mvuu, yathunthu. Mvuu m'dimba la anthu, kutali chonchi ndi nyanja! Zaka ziwiri ndakhala ndikulota mphindi imeneyi, ndimaganiza kuti ndidzakuwa.

Sindinakuwe. Ndinati, "Amayi, bwerani muone."

Anatsika, anagwada, anayendetsa chala padzinolo kuchokera kunsonga mpaka kutsinde. Kenako anati, "Si iyeyu." Anatenga chitenje chawo chija, anachikutumula, n'kukwera. Ndinawayang'ana mpaka analowa m'nthochi. Sanatembenuke.

Che Twahir anandigwira chanza, akuti tsopano dzenje lawo litchuka. Zithunzi ndatumiza kwa a Dok. Pasanathe mphindi zisanu foni inalira. Kodi foni yawo imagwira, eti! Akuti fupalo ndilikute ndi pulasitala msanga, abwera ndi galimoto pa 18. Pa gulu la kalasi sindinaike kanthu.

Lachinayi, 14 Novembala

Sindikufuna kulemba koma ndilembe.

Dzulo ndinapita ku Zomba kukasaka pulasitala. Ndinazungulira masitolo asanu, ndinangopeza timapaketi titatu. Ku Karonga pa maphunziro tinkakuta fupa ndi nsanjika zinayi za chiguduli chonyikidwa mu pulasitala, kuti likhale ngati mwendo wothyoka wa kuchipatala. Zanga, zomwe ndakuta lero masana, zinakwana nsanjika ziwiri, zopyapyala. Ndinadziwa kuti sizikwana. Ndinati ndidikire a Dok.

Lero cha m'ma 3 kumwamba kunada. Mphepo, fumbi, kenako mvula ya matalala. Madzi anayamba kutsikira m'dzenje mbali zonse. Che Twahir anathamangira kukafunditsa njerwa zawo, ndinatsala ndekha, madzi ali m'mawondo. Ndinaganiza kuti fupalo ndikalisiya limira, khoma ligwera. Ndinalowetsa thabwa pansi pake n'kukankha. Pulasitala anali asanaume.

Linalira ngati mbale yadothi. Nsagwada inathyoka pakati, mbali imodzi inatsalira m'manja mwanga, inayo inagwera m'madzi n'kumwazika.

Madzi atsika madzulo, khoma silinagwe. Ndikanangolisiya.

Lachisanu, 15 Novembala

A Dok ndawauza zoona, kuti ndaswa ndine, osati mvula. Anati: "Tola chilichonse, ngakhale kofanana ndi njere ya mpunga. Tonse tinaswapo." Sizinanditonthoze.

Ndatapa matope a m'dzenje ndowa khumi ndi zinayi, ndawathira pa pepala la pulasitiki. Sefa yanga ndi imodzi, yaing'ono. Tsiku lonse ndasefa ndowa imodzi ndi theka, ndapeza tizidutswa 23, kalikonse ndakalemba nambala. Ndawerengera, sindimaliza pofika pa 20. Zala zatupa. Ndalira pamaso pa Che Twahir, iwo ananamizira kuti akukonza chikombole.

Loweruka, 16 Novembala

Ndafika mamawa ndapeza anthu pa dzenje. Ndinaganiza kuti kwagwanso nkhani.

Mayi M. ndi azimayi ena atatu, aliyense ndi sefa ya ufa, wina ndi lichero lakale. Anali atatunga kale madzi m'mabeseni. Moni anandipatsa lero, koma mwachidule. "Tionetse zomwe tikufuna. Matopewa akauma avuta."

Ndinawaonetsa kusiyana kwa fupa ndi mwala, ndinati zakuda zolemera zonse aziika pa chiguduli. Za kunyambita sindinatchule, koma Che Twahir anaulula, azimayi anaseka mpaka wina kutaya sefa. Mayi M. sanaseke. Amasefa mofatsa kuposa tonse, kachidutswa kalikonse amakatsuka kawiri.

Pofika masana ndowa zisanu ndi imodzi zatha. Ndinawafunsa chapansipansi chifukwa chake abwera. Anati, "Chinthu chapezeka, chisatayikenso."

Kenako anatola zidutswa ziwiri pa chiguduli, china cha dzulo china cha lero, anazitembenuza, n'kuzilumikiza. Zinagwirana ndendende, mng'alu osaoneka.

"Ichi ndi ichi n'chimodzi. Lemba nambala yako ija."

Ndinalemba 23a ndi 23b. Iwo anali atatapa kale ndowa ina.