Mano a Kagalimoto ka Tadala

Lachinayi. Kwatentha tsiku lonse, mitambo yongonyengeza.

Ndine Gelesomu wa kwa Zulu, zaka akuti ndadutsa makumi asanu ndi awiri. Kulemba ndinaphunzira kusukulu ya kwacha, ndiye ndipita pang'onopang'ono.

Lero ndaswera pa kagalimoto ka mdzukulu wanga Tadala, ka tinjerwa ta pulasitiki, kamene mayi ake anamugulira pakaunjika ku Chipata. Kutsogolo kamayenda bwino. Koma ukakaika pa rivesi, mota imalira matayala ali chilili, kenako n'kudzidzimuka. Mano a magiya ake ndi otayana, amayamba afunana kaye asanagwirane.

Ndinakumbuka ngolo ya kuesiteti ya fodya komwe ndinkagwira ntchito. Ukabweza ng'ombe tcheni ili yokhwefuka, zimaponda kaye ngolo isanamve. Ndinatsinzina, fungo la fodya wa m'chigafa n'kundipeza pakhonde pomwepo.

"Agogo, mwagona? Loweruka amayi adzanditenga, inu mukungolota ng'ombe!" Tadala anandigwedeza.

Ndinamata phula m'mano muja kuti mpata uthe. Kanangoti zii, ngakhale kutsogolo osapitanso. Tadala misozi lengelenge. Ndinakolopola phulalo ndi minga, kenako ndinakokera giya ina pa inzake ndi kamphira ka chubu ya njinga, osamangitsa kwambiri.

Kanabwerera nthawi yomweyo, osakayika, mpaka kukabalalitsa anapiye.

"Nanga kamphirako kakadzaduka ku Chipata, adzandimangira ndani?" anafunsa Tadala.

Mawa ndimuphunzitsa mfundo yomangira kamphirako, manja anga ali kumbuyo. Komatu mumtimamu ndikufuna asaigwire msanga, kuti mwina azibwerabe kuno...