Pepala Lomatidwa Pakhoma la Amake Marita

Lolemba, 6 Julaye 1936

Alamu anga a Fabiano abwera m'mawa uno, osakhala n'komwe pansi. Akuti chimera chauma, mowa afulula, Lachiwiri la sabata yamawa ndi tsiku lometa ndi londisudzula. Tsiku lomwelo nyumba agwetsa monga mwa mwambo, popeza mlongo wawo anatsirizikira momwemo. Ine ndipite kwathu ku Thekerani, kwa mlongo wanga. Kwathu! Kumene ndinachoka mano onse ali m'kamwa.

Ndayankha kuti ndamva. Mkamwini angayankhenso chiyani? Nsichi za nyumbayo ndinadula ndine, dothi ndinaponda ndine, koma mwini wake anali amake Marita, ndipo amake Marita atha mwezi ali kumanda.

Za nyumba sindikudandaula. Changa ndi pepala lili pakhoma.

Ndilemba pang'onopang'ono. Zilembozi ndinazitola ku kalasi ya ubatizo imvi zitamera kale, dzanja limayenda ngati nkhono.

Lachiwiri, 7 Julaye

Ndatulutsa chitini changa padzuwa. Mapepala a zithunzi aja a ana a bwana, amene ankabwera pa sitima kuchokera ku Ulaya ndili kuki kunyumba yaikulu ya pa esiteti ya tiyi. Ana atatumizidwa kusukulu kwawo, dona anati, kuki, koleza moto. Moto ndinakolezadi, koma ndi udzu. Mapepala analowa m'malaya.

Pepala lililonse lili ndi tizipinda tizipinda, munthu yemweyo m'kachipinda kalikonse akuchita zina. Mawu amatuluka m'kamwa ngati utsi, a Chizungu. Ife sitinkawamva, ndiye tinkaikamo athu. Ine ndinkapereka maina, amake Marita ankapereka mawu.

Alipo Kapitawo Chimimba wa chipewa chachitali, amene amathamangitsa anthu nagwera mu mgolo miyendo m'mwamba. Tinkamukonda chifukwa kuno kapitawo sagwa. Alipo galu wovala buluku, ameneyo ine sindinamukondepo, galu ndi galu. Koma woposa onse ndi a Ndodo ndi amayi Nkhali.

A Ndodo ndi aatali, oonda, akukankha wilibala, m'menemo muli nkhumba. Amayi Nkhali ndi afupi, ozungulira, akubwera pambuyo akulalata. Nkhumba idumpha. Wilibala igubuduka. Mvula iyamba. M'kachipinda kotsiriza awiriwo akhala pa wilibala yogubudukayo, ambulera imodzi, nkhumba yapita. Amake Marita atangoliona anati, "Awa ndi ife. Taonani miyendoyo, abambo a Marita, si yanu iyi?" Ndiye ankalankhula m'malo mwa mayiyo, theka Chilomwe theka Chinyanja: "Ndinakuuzani mumange miyendo! Mwamuna wanji woopa nkhumba?" Akafika kotsiriza ankatsitsa mawu: "Sunthirani kuno, munyowa."

Khirisimasi ina, ine ndili kukhitchini kuwotcha nkhuku za azungu, amake Marita anatsegula chitini, natenga pepala lomwelo, nalimata pakhoma ndi phala la chinangwa, pamwamba pa mphasa yawo. Ndinakwiya sabata yathunthu. Anati, "Chokongola chobisa m'chitini chimasangalatsa mphemvu."

Mwaona tsopano, amake Marita? Za m'chitini ndinyamula. Lanu lija lagwira khoma.

Lachitatu, 8 Julaye

Ndayesa ndi mpeni wanga wakukhitchini. Mchira wa nkhumba watsala pa mpeni. Ndasiya.

Lachinayi, 9 Julaye

Chiperoni. Tiyi yense wabisala mu nkhungu, ungomva zikwanje za odulira. Chiyambire maliro ndimagona m'kakhumbi kophikira, ndipo kamadontha.

Ndinati ndiwerenge za m'chitini ndisanamange. Kapitawo Chimimba palibe. Ndatembenuza zonse kawiri. Palibe, pamodzi ndi ena apamwamba.

Ndafunsa Marita, mwana wanga. Wangoweramira m'lichero. Mwamuna wake Douglas, amene amadulira tiyi, ndiye wayankha ali kuwotha moto: "Bambo, pamaliro paja adzukulu anasowa chopichirira fodya. Anthu okumba manda simungawamane. Tinangotenga apamwamba."

Anamusuta. Kapitawo Chimimba anamusuta adzukulu, ine ndili kulira pakhomo.

Ndati, munandifunsa? Douglas akuti, "Munthu wamasiye safunsidwa zazing'ono." Kenaka, osachita manyazi: "Otsalawo mupita nawo onse? Pepala la Ulaya limayaka bwino, silitsokomoletsa."

Marita wati, "Ababa, ndi mapepala chabe. Ife tikuganiza za mowa ndi alendo." Ali ndi pakati, masiku ayandikira, ndipo awiri oyamba anapita padera. Munthu wotere sukangana naye. Koma mwana ameneyu anaphunzira kuseka akuloza Kapitawo Chimimba ndi kachala konyowa.

Chitini tsopano ndimatsamira.

Lachisanu, 10 Julaye

Ndapita kwa aphunzitsi a Peterson, amene amatsogolera mapemphero kuno. Ndati amake Marita anali Mkhristu, ine Mkhristu, nanga nyumba igwe bwanji ngati ya akunja? Auzeni alamu anga aisiye. Iwo akanda mutu. Akuti, "Achikulire, za mpingo tinamaliza kumanda. Nyumba ndi ya eni mbumba. Ndikalowerera, Lamulungu ndipemphera ndi mabenchi."

Komabe anabwera kudzaona pepalalo, mwina chifundo, mwina kufuna kuonetsa Chizungu. Anaima pakhoma, chala pa utsi wa mawu uja, milomo ikuyenda. Kenaka anaseka. "Achikulire, mayiyu si mkazi wake. Ndi amake. Apa akuti, mwana wanga wopusa..."

Ndati basi. Ndati musawerenge. Anafuna kupitiriza, ndinaima pakati pa iwo ndi khoma.

Amake! Mayi wake wa ndani angakhale pa wilibala chotero? Azungu analemba zawo, n'zawo. Ndinakaitana munthu kuti apulumutse khoma, iye wabwera kudzasudzula a Ndodo.

Loweruka, 11 Julaye

Ndakumbuka mmene dona ankamatulira masitampa ndi nthunzi. Ndabwereka ketulo, ndawiritsa madzi, ndalozetsa mlomo wake pakhoma, pa kachipinda koyamba. Dothi lafewa. Ndakweza m'mphepete ndi chikhadabo, pang'ono, pang'ono.

Kumbuyo kulibe pepala. Chiswe chinadya kale phala lonse ndi pepala lomwe, chinangosiya kakhungu ka mitundu kokhala pa dothi. Chimene ndakhala ndikuyang'ana zaka zonsezi ndi dothi lovala chithunzi. Kachipinda koyamba kasungunuka m'manja mwanga, nkhope ya a Ndodo yatsikira pansi ngati msuzi.

Ndakhala pa mphasa nthawi yaitali. Fungo la amake Marita likadalimo, la mafuta a nsatsi.

Ngati pepala silichoka pakhoma, ndiye kuti khoma lipite ndi pepala. Lonse sindingathe. Kachipinda kotsiriza kokha, ka ambulera. Chibuma chonga mbale yandiwo, chikwana m'chitini.

Lamulungu, 12 Julaye

Kutchalitchi amayi ayamba kale kundipatsa moni wa mlendo.

Masana ndapita kwa a Fabiano. Ndinati ndipemphe, ndisachite ngati mbala. Ndawapeza akusema mpini. Ndafotokoza bwinobwino. Anasiya kasemasema, nandiyang'ana ngati ndapempha mwendo wa malemu.

"Alamu, mwapenga? Dothi la nyumba ya maliro silituluka pamudzi. Tikugwetsa kuti mlongo wanga adziwe kuti kuno kwatha, agone. Inu mutenge chibuma, iye azikasaka khoma lake, azizungulira pakhomo pano? Azungulire pa ndani? Pa Marita, ali chonchija?"

Ndati ndi chithunzi cha azungu, mizimu yathu ichidziwa bwanji? Iwo akuti, "Chithunzi n'cha azungu, dothi n'lathu. Anamata ndi dzanja lake, anagona pansi pake, anafera pansi pake." Ndati ndakhala ndi mlongo wanu zaka zoposa makumi atatu, ndichoke chimanjamanja? Anati, "Inu munamupeza ali namwali. Ine ndinayamwa bere limene anasiya iye. Musandiphunzitse kulira."

Maso awo anali ofiira, zoona. Koma iwo atsala ndi manda, ndi Marita, ndi mdzukulu akubwerayo, ndi nthochi zimene ndinabzala ine. Ine wanditsalira msewu.

Lolemba, 13 Julaye

Amayi onse ali kusefa mowa kwa a Fabiano, amuna ku tiyi. Ndalowa ndi mpeni ndi madzi pang'ono. Ndalemba mzere mozungulira kachipinda kotsiriza, kutali ndi ambulera, ndi kuyamba kukumba. Dothi limeneli ndinaliponda bwino, lero landibwezera. Kumbuyo kuli mbariro ziwiri, ndazicheka pang'onopang'ono kuti chisagwedezeke. Thukuta m'nyengo yozizira.

Chatuluka chathunthu. Awiriwo ali momwemo, osang'ambika. Ndachikulunga m'malaya anga oyera a ukuki, ndachiika pansi pa chitini, mapepala pamwamba. Pabowo ndapachika nsengwa.

Ndati, sunthirani kuno, tipite ku Thekerani. Ndaseka ndekha. Kuseka koyamba chiyambire maliro.

Za mizimu zija sindikuziganiza. Ndikunama, ndikuziganiza. Koma Mulungu amene tinabatizidwa m'dzina lake sangapweteke mwana chifukwa cha chibuma.

Lachiwiri, 14 Julaye

Andimeta m'mawa ndi lumo lobuntha. Mutu ukuzizira.

Nsengwa ija sinabise kanthu. Anyamata atalowa kukamasula denga anaichotsa, bowo n'kuonekera, kuwala kukulowa. Ndinaona mmodzi akunong'oneza a Fabiano.

Agwetsa. Sizitenga nthawi, nyumba ya munthu. Fumbi lofiira, mphemvu kuthawa, nkhuku kusangalala.

Kenaka anayala mphasa pabwalo, katundu wanga pamenepo kuti onse aone kuti sindikutenga za mbumba. Bulangete, mpeni, khasu, malaya a tchalitchi, chitini. A Fabiano ananena mawu onse a mwambo, kuti ndinasunga bwino mlongo wawo, palibe mlandu, ndine womasuka, ndikapeza wina ndikwatire. Anthu anaomba m'manja. Mayi wina anati, "Akwatire ndi mano ati?" Anaseka.

Ndiye a Fabiano anati, "Alamu, tsegulani chitini."

Ndinati ndi mapepala anga, onse akuwadziwa, ena anawasuta. Anati, "Tsegulani." Ndinatsegula. Sanagwire iwo. Anati nditulutse ndekha. Ndinatulutsa mapepala, kenaka malaya oyera. Nditafunyulula, amayi amene anali pafupi anadzuka nasunthira kutali.

A Fabiano sanakalipe. Bola akanakalipa. Anati, "Sitikulandani. Mwasudzulidwa, ndinu mfulu, nyamulani. Koma tsiku la Marita likafika, zikavuta, tonse tidziwa kumene zachokera. Inunso mudziwa."

Ndinayang'ana Marita. Ndinkayembekeza kuti anene zomwe ananena Lachinayi, kuti ndi mapepala chabe. Akanatero ndikananyamula. Koma anali atagwira mimba ndi manja onse awiri. Anati, "Ababa." Basi. Douglas maso pansi.

Ndinadzuka. Palibe amene anandithandiza, poti palibe amene akanagwira munthu wonyamula dothi lija. Ndinapita pa mulu wa nyumba yathu, ndinafuna malo amene panali mphasa, ndinaika chibumacho pamenepo, nkhope kumwamba. Ndinaima pang'ono kuti ndiyang'anitsitse, koma fumbi linali m'maso, kapena si fumbi. Anyamata anayamba kukokera udzu wa denga pamwamba kuti ayatse.

Marita anandipatsa mbatata zootcha za panjira. Anagwada. Ndinalandira. Mowa sindinamwe.

Lachitatu, 15 Julaye

Panjira. Chitini chapepuka.

Lachisanu, 17 Julaye

Ku Thekerani. Mlongo wanga Eneless wakalamba kuposa ine, anandifunsa kawiri kuti ndine yani. Andipatsa kanyumba ka mwana wake amene ali ku Joni. Makoma ake ndi osalala, opanda kanthu.

Ndayala mapepala otsala pa mphasa. Galu wovala buluku alipo, wathunthu, chiswe sichinamukhudze. Iyeyo ndiye wapulumuka.

Ndinati ndilembe pano kachipinda kotsiriza kaja, chilichonse mmene chinalili, ndisanaiwale. Wilibala yagona chammbali, gudumu m'mwamba. A Ndodo kumanzere, mawondo afika pachibwano. Amayi Nkhali kumanja, nsapato imodzi yavuka. Mvula mizere mizere. Ambulera yofiira, yong'ambika mbali imodzi.

Ambulerayo anagwira ndani?

Ndatseka maso. Ndikuona dzanja la a Ndodo pa mpini wake. Ndatsekanso, ndikuona la amayi Nkhali. Zaka zonsezi ndimadzuka ndikuyang'ana khoma lija. Ndinatembenuka kuti ndifunse, mbali imene amake Marita ankagona.

Eneless akuitana panja, akuti ndikathamangitse mbuzi zalowa m'munda wa eni.