Matewera a Mwana Asanduka Masiki

Aphungu,

Mundilole ndikhazikike kaye, poti masiku ano kukhala pampando nakonso ndi ntchito. Ndine mayi wotopa. Anamwino a kusikelo akuti mwezi ukubwerawu usanathe ndikhala nditachira, Mulungu akalola. Ndi mimba yanga yoyamba, ndipo yabwera titadikira zaka zambiri, mpaka ofunsa anatopa n'kusiya kufunsa. Ndiye mungathe kuona nokha chimwemwe chili m'nyumba mwathu. Koma chimwemwe chomwechi chandibweretsera nkhani yoti ndikaiganiza ndimaseka, ndikamaliza kuseka n'kupeza misozi ili m'masaya.

Amuna anga ndi dalaivala wa basi yoyenda mtunda wautali. Kudepoti anzawo amawatcha Asipeya, chifukwa munthu ameneyu sayenda opanda sipeya wa chilichonse: tayala, lamba wa injini, malaya, ngakhale supuni. Nditangowauza kuti ndaima, sanachedwe. Anagula beseni lalikulu losambitsiramo khanda, fulasiki, sopo, kashawelo, ndi matewera a nsalu oyera mbee, mulu wake mpaka ndinafunsa ngati anamwino awanong'oneza za mapasa ine osadziwa. Kachipinda kathu kosungiramo katundu anakasesa, n'kukapaka laimu, amvekere chimenechi ndi chipinda cha mwana. Nditawaseka kuti khanda siligona lokha, anandiyankha kuti, “Adzakula, amayi. Basi sitikonzera pamsewu, timakonzera kudepoti.”

Zinthu zili chomwecho, wailesi inayamba kunena za kachilombo katsopano aka kogwira anthu ndi chifuwa ndi kutentha thupi. Poyamba tinkangoti ndi za kutali. Kenaka tinamva kuti kafika mu mzinda umene basi ya amuna anga imakagona. Kwathu kuno sitinamvebe kuti wina wadwala, koma Asipeya anati munthu sadikira kuti tayala liphulike.

Choyamba kupita linali beseni. Ndikudzuka m'mawa ndinalipeza lili pampando pakhomo, pambali pake jagi ya madzi ndi sopo wa mwana yemwe uja, kuti aliyense wolowa azisamba m'manja. Ndinangoti chabwino, ndidzalitsuka. Kenaka inapita fulasiki. Akuti sangamamwenso tiyi m'makapu a m'malesitilanti a m'njira, azinyamula wawo. Apanso ndinavomera, poti ndi zoona ndithu.

Tsiku lina ndikuchokera kusikelo ndinamva makina osokera akulira pakhonde. Anali alamu anga, achemwali awo a amuna anga, amene ndi telala. Ndikuyandikira, Aphungu, ndinangoti kakasi. Matewera aja anali atadulidwa tizidutswatizidutswa, ena aikidwa kale zingwe zokolowekera m'makutu. Asipeya anali ataima pambali ngati kapitawo, akufotokoza kuti m'masitolo masiki atha, ndipo nsalu ya matewera ndi yofewa, yochapika, komanso yatsopano. Ndinafuna kukalipa, koma alamu ananditsogolera. Anachotsa mapini pakamwa n'kunena kuti, “Mlamu, musadandaule. Mwana wanuyu sanabadwe, koma watseka kale pakamwa depoti yonse.” Ndinaseka mpaka kugwira chitseko, kuopa kuchirira pomwepo.

Ndiye panopa kondakitala wa amuna anga, mwamuna wa ndevu zake, akuitanira anthu atavala thewera la mwana wanga kumaso. Alonda a padepoti avala, amayi ogulitsa nthochi pageti avala, ndipo agogo aliyense wokwera basi imeneyo alibe masiki amapatsidwa imodzi yaulere. Ndikadutsa pamenepo onse amandipatsa moni mwaulemu, ena osadziwa n'komwe chimene chili pamphuno pawo. Ine ndimangoyankha, kuseka ndikubisa m'nsalu. Matewera otsala m'nyumba sangakwane n'komwe tsiku limodzi la khanda.

Zonsezi ndikanapirira. Chimene chandilembetsa kalata ndi chakuti pomaliza mliri umenewu wanditengera munthu amene anagula katunduyo.

Ulendo wina pasenjala amene anakhala kumbuyo kwa mpando wawo anatsokomola njira yonse. Amuna anga atafika kunyumba sanalowe pakhomo la kumaso. Anazungulira kuseri, anavula yunifolomu n'kuinyika m'ndowa, anasamba, kenaka anatenga mkeka ndi bulangete n'kukalowa m'kachipinda ka mwana kaja. Kuchokera tsiku limenelo akugona mmenemo. Sakudwala ayi. Sakutsokomola, thupi silikutentha, ndipo mbale imene ndimawasiyira pampando pakhomo pawo imabwerera ili yoyera ngati yanyambitidwa ndi mphaka. Akuti malinga akunyamula anthu tsiku ndi tsiku, sangapume mpweya umodzi ndi ine.

Tsono apa ndi pamene pali zodabwitsa. Kachipindako kali ndi windo loyang'ana pakhonde. Dzuwa likapendeka, tsiku limene ali pakhomo, ine ndimakoka mpando n'kukhala chapatali pakhondepo, iwo n'kutsegula windo, zigongono pa felemu. Aphungu, sindinkadziwa kuti amuna anga ali ndi nkhani chonchi. Kale akafika ankangodya n'kugona nkhani za pawailesi zisanathe. Lero amandisimbira za mayi amene anakweza nkhuku n'kumalimbikira kuti ndi chikwama cha m'manja, za mlaliki amene anagona pakati pa ulaliki wake, za wapolisi amene anawaimitsa n'kupempha masiki. Amayeserera mawu a aliyense. Amaimba nyimbo zimene ankaimba tili pachibwenzi, mawu ake omwe aja osalongosoka. Mwana akamva mawu awo amayamba kupalapata, ndiye iwo amafunsa kuti pasenjala wathu wosalipira uja akuti bwanji lero.

Ayambanso kundifunsira kachiwiri. Tsiku lina anasuzumira pawindo, tsitsi atapesa, amvekere, “Pepani achemwali, kodi muli pabanja?” Ine n'kuyankha kuti ndili pabanja ndithu, kungoti amuna anga anadzimanga okha, ndipo sindikudziwa kuti adzatuluka liti. Amayi oyandikana nafe nyumba anali akuanula zovala, anaseka mpaka mapegi kugwa. Kunena zoona, sindinakondedwepo chonchi chikwatiwire, ndipo nthawi zina ndimachita manyazi kuti anthu ali ndi nkhawa dziko lonse, ine ndikumwetulira ngati namwali.

Koma sabata yatha ndinawafunsa za tsiku lalikululo. Ndinapeza kuti akonza kale zonse, monga mwa khalidwe lawo. Alamu ndiwo adzandiperekeze, galimoto apempha kale kwa aneba, ndipo ali ndi inanso ya sipeya ngati yoyambayo itakana kulira. Nditafunsa kuti nanga inuyo mudzakhala kuti, anati iwo mwana sadzamunyamula, ngakhale kumuyandikira, kufikira wailesi idzalengeze kuti mliri watha. Anatambasula manja awo pawindo n'kunena motsitsa kuti, “Manja awa amagwira zitseko ndi zikwama za anthu osawadziwa. Ndadikira zaka zonsezi, ndidikirabe. Koma nditati ndimupatsire matenda ineyo, ndingadzakhale munthu wanji?” Tsiku limenelo sanaimbe.

Aphungu, ndagwira njakata. Nanga mliriwu ukadzatenga chaka? Mwana adzayambe kukwawa akudziwa bambo ake ngati nkhope ya pawindo? Ine chimene ndakhala ndikulota zaka zonsezi si beseni kapena shawelo ayi, koma kudzaona mwamuna ameneyu atanyamula mwana wake, akusowa pomugwira. Alamu akuti ndingowakalipira atuluke, koma ndikuopa. Bwanji atatuluka chifukwa cha ine, kenaka chinthu n'kuchitikadi? Kodi ndikudzikonda? Ndiwatulutse bwanji m'kachipindamu popanda kuwanyoza, poti zonsezi akuchitira ife? Ndithandizeni pasenjala asanatsike.

Ndine wanu,
E. N., wa kuseri kwa depoti ya mabasi

Amayi E. N.,

Kalata yanu yandiseketsa mpaka anzanga mu ofesi muno abwera kudzafunsa chimene chachitika. Zikomo, ndipo ndikufunirani kuchira kwabwino. Za manyazi zija zichotseni. Kuseka m'nyumba nthawi ya mliri si mlandu, ndipo mayi wotopa amafunika kuseka kumene.

Tsono nayi nkhani yanu mmene ndikuionera. M'nyumba mwanu mukuyembekezeka alendo awiri. Wina ndi woipa, ndipo mwina sabwera n'komwe. Winayo ndi wabwino, ndipo akubwera ndithu, mufune musafune. Amuna anu atenga katundu yense wa mlendo wabwino n'kukonzera woipayo, mpaka adzipereka ndi iwo omwe. Simukudzikonda pofuna kuti zibwerere m'malo mwake. Koma musawakalipire monga akunenera alamu anu. Bambo ameneyu sakuuma mutu, akuchita mantha, ndipo mantha ake ali ndi nzeru mkati. Kusamba m'manja, kuvala masiki, kusintha zovala akachoka ku ntchito, zonsezi akulondola. Apitirize.

Pamene alakwitsa ndi podzipangira okha lamulo loti sadzanyamula mwana, osafunsa aliyense wodziwa. Safunsa anadya phula. Ine si dokotala, inunso si dokotala, ndipo wailesi siyankha mafunso. Mukapita kusikelo ulendo uno, mukawafotokozere anamwino zonse monga mwandifotokozera ine, kenaka muwaimbire Asipeya foni alankhule nawo okha. Munthu wa pamsewu amamvera wa yunifolomu kuposa mkazi wake, zimenezo musakhumudwe nazo. Afunse zinthu zenizeni: ngati pali njira yoyezetsa, nthawi imene ayenera kukhala asanakwere basi kuti ayandikire khanda, ndi zimene achipatala akulola pa tsiku lochira. Zimene anamwino anene, nonse awiri mutsatire, ngakhale zitakhala zosakomera inuyo.

Chachiwiri, apite kwa abwana awo sabata ino, osati ya mawa, akapemphe tchuthi choyambira nthawi yanu isanakwane. Nkhanga zinapangana kusanapse. Dalaivala amene amasunga sipeya wa supuni asandiuze kuti padepoti yonse palibe dalaivala wa sipeya. Akakhala pakhomo kwa nthawi imene azaumoyo anene, ali bwinobwino, chifukwa chogonera pamkeka chidzakhala chatha, ndipo adzatuluka okha mutu uli m'mwamba, poti adzakhala atsatira ndondomeko. Anthu otere mumawatulutsa ndi ndondomeko, osati ndi mkangano.

Za katundu n'zosavuta. Alamu anu ali ndi lumo lakuthwa ndi pakamwa pakuthwa, tsono makina omwe anadula matewera asokenso ena. Pakhomo muikepo ndowa wamba, beseni mulitsuke libwerere kwa mwini wake. Chikwama cha kuchipatala mulongedze lero, ndipo muchibise pansi pa bedi lanu, Asipeya asachione, angadzapezemo nsalu ina yofewa. Kachipinda kaja kasiyeni kali chokonza. Ndi nzeru kukhala ndi malo oti wina atadwala agonemo payekha, ndipo khanda lidzagona ndi inu monga munanenera.

Palinso china chimene nonse simunachiganize. Amuna anu akuopa manja awo, amene amasambidwa kangapo pa ola. Nanga manja a anthu onse amene adzakhamukire kudzaona mwana amene munamudikira zaka zonsezi? Azakhali, anzanu a kumpingo, aneba, kondakitala ndi ndevu zake, aliyense adzafuna kunyamulako ndi kupsompsona. Ntchito ya Asipeya ili pamenepo. Aimirire pakhomo, athokoze alendo mwaulemu, awauze kuti aonere patali kapena adikire kaye. Munthu wamantha mukamupatsa ntchito, mtima wake umakhala m'malo.

Macheza a pawindo aja musawataye akadzatuluka. Mwatulukira kuti mwamuna wanu amalankhula akakhala kuti sanakhute n'kugona, ndiye muziyamba kucheza, chakudya pambuyo.

Chenjezo langa ndi ili, ndipo apa sindikuseka. Wina wa inu akayamba kutentha thupi, kutsokomola kapena kubanika, musabise ndipo musadikire, dziwitsani azaumoyo msanga. Musamwe zosakanizasakaniza zimene anthu akutumizirana pafoni, inu muli awiri. Matenda a uchembere akayamba, kapena mukaona chachilendo chilichonse m'thupi, pitani kuchipatala, musachirire pakhomo chifukwa choopa mliri. Ndipo zitachitika kuti pa tsikulo amuna anu sakupeza bwino, kapena anamwino ati adikire, pamenepo kudikira kwawo n'koyenera, inu mudzapirire osawadandaulira.

Koma anamwino akadzavomera, musadzayembekeze kuti iwo apemphe, chifukwa sadzapempha. Adzaima patali, manja kumbuyo, akunamizira kukonza katani. Mudzawauze asambe m'manja, avale masiki awo a thewera, akhale pansi. Kenaka mudzadzuke pang'onopang'ono, muwaike mwanayo pachifuwa, inu n'kuchotsa manja anu.

Aphungu